Kuyesa m'labu ngati alcohol asakanikirana ndi madzi, hexane kapena mafuta

Chaka china mu Okutobala ndinaimirira pamaso pa ana a giredi 12 pa sukulu ina ya kuno kum'mawa kwa Zambia, nditagwira chubu choyesera. Ndinali nditawauza dzulo lake kuti ethanol, alcohol wopezeka mu mowa, ndi hexane, chamadzimadzi choyera chofanana ndi petulo, amasakanikirana bwinobwino. Nditathira ndi kukhutchumula, zinthuzo zinachita mbuu, kenaka zinalekana m'magawo awiri, mzere uli poonekera pakati. Buku silinaname. Botolo lolembedwa ethanol lija linali ndi madzi ambiri m'kati, chifukwa linakhala zaka pa shelefu ndi chitsekero chosweka, mwinanso wina anathiramo madzi. Kuyambira tsiku limenelo sindiyamba phunziroli ndisanadziwe chimene chili m'botolo ndi mmene chipinda chatenthera. Malangizo awa ndalembera aphunzitsi anzanga ndi osamala labu a ku Chipata, Katete, Chadiza, Lundazi ndi Petauke, amene nthawi zambiri timagwira ntchito ndi mabotolo ochepa.

Mutu ndi mchira

Musanagwire botolo lililonse, ana amvetse kaye chinthu chimodzi. Molekyu ya alcohol aliyense ili ndi mutu ndi mchira. Mutu ndi ka OH, okosijeni mmodzi ndi haidrojeni mmodzi, kamene kamagwirana mwamphamvu ndi madzi kudzera mu kukokana kotchedwa hydrogen bond, popeza madzinso ali ndi OH. Mchira ndi mndandanda wa makaboni ndi mahaidrojeni, ndipo umamasuka pakati pa zinthu zofanana nawo monga hexane, parafini ndi mafuta. Methanol ali ndi kaboni mmodzi, choncho pafupifupi thupi lake lonse ndi mutu. Ethanol ali ndi awiri, propanol atatu, butanol anayi, pentanol asanu, hexanol 6. Mutu ukhala womwewo, mchira ndiwo ukutalika. Zonse zimene tiyese pansipa ndi kukokana kwa mbali ziwirizi.

Palinso mawu awiri oyenera kuwasiyanitsa. Tikati zinthu ziwiri zamadzimadzi n'zosakanikirana kwathunthu, tikutanthauza kuti muthire mulingo uliwonse, dontho limodzi kapena theka la botolo, gawo likhalabe limodzi. Tikati chinthu chimasungunuka pang'ono, ndiye kuti pali malire, ndipo mukawadutsa gawo lachiwiri limaoneka.

Gawo loyamba: sonkhanitsani zipangizo, zimitsani moto

Mufunika machubu oyesera osachepera 12 ndi choimikapo chake, zitsekero, masirinji a 1 mL ndi a 5 mL opanda singano, silinda yoyezera ya 10 mL ndi ya 100 mL, thermometer, ndi cholembera pa galasi. Botolo lililonse likhale ndi sirinji yakeyake. Machubu akhale ouma gwa. Chubu chotsukidwa m'mawa womwewo, chimene chikadali ndi timadontho m'mbali, chikhoza kuononga mayeso onse a hexane.

Madzi akhale a distilled, ndiye kuti otchezedwa, opanda mchere uliwonse. Ngati labu ilibe, madzi oonjezera m'batire ya galimoto amene amagulitsidwa m'masitolo a sipeya amagwira ntchito, koma werengani bwino pa botolo kuti musagule asidi wa batire.

Moto wonse uzime: Bunsen, nyale ya spiriti, ngakhale mbaula ya mlonda ngati ili pafupi ndi zenera. Nthunzi ya hexane ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi pa tebulo n'kukapeza moto uli patali. Moto wa methanol suoneka bwino masana. Tsegulani mazenera, ana avale magalasi oteteza maso. Methanol agwiridwe ndi mphunzitsi yekha, chifukwa m'thupi amasanduka formic acid amene amaononga maso ndi kupha, ndipo amalowanso kudzera pakhungu. Chloroform, dichloromethane ndi diethyl ether musatsegule m'kalasi mopanda fume cupboard, kabati yokoka nthunzi n'kuitulutsa kunja. Ether wokhalitsa amapanga ma peroxide otha kuphulika, ndiye botolo lakale lotere musaliyese n'komwe kulitsegula.

Gawo lachiwiri: fufuzani madzi obisala m'botolo

Apa ndi pamene ambiri timadumpha. Ethanol wa m'labu amabwera m'mitundu iwiri: wa absolute, amene pafupifupi alibe madzi, ndi wa 95 kapena 96 peresenti. Wachiwiriyu ndiye wofala, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mukamatcheza ethanol wosakaniza ndi madzi, mukafika pa 95.6 peresenti mwa kulemera, nthunzi imatuluka ndi mulingo womwewo wa madzi monga zotsala m'poto, pa madigiri 78.2. Kutcheza wamba sikupitirira pamenepo, kaya ndi zipangizo zagalasi za m'labu kaya ndi mgolo ndi paipi za wotcheza kachasu. Komanso ethanol wa absolute amayamwa chinyezi cha mumpweya botolo likamatsegulidwatsegulidwa, makamaka m'dzinja.

Kuti muone, tengani copper sulphate wa buluu pang'ono, mumuotche mpaka ayere ngati ufa, ndipo azizire m'chotsekera. Chitani zimenezi tsiku lina, osati tsiku la hexane. Ikani kaufa kameneka m'chubu chouma ndi kuthiramo 2 mL ya alcohol amene mukumukayikira. Kakayamba kubwerera ku mtundu wa buluu, madzi alimo. Lembani zimenezo pa botolo pomwepo.

Spiriti wa mtundu wa pepo wa m'masitolo ndi ethanol wothiridwa zinthu zoti asamwedwe, ndipo ali ndi madzi. Pa mayeso a madzi akhoza kuimira ethanol ngati mulibe china. Pa mayeso a hexane adzakusokeretsani.

Pomaliza, werengani thermometer ndipo mulembe kutentha kwa chipinda pamwamba pa bolodi. Mudzaona kufunika kwake tikafika pa methanol.

Gawo lachitatu: ma alcohol ndi madzi

Lembani maina pa machubu. M'chubu chilichonse thirani 2 mL ya madzi ndi 2 mL ya alcohol mmodzi. Tsekani ndi chitsekero, osati chala. Tembenuzani kakhumi, tsegulani pang'ono kuti mpweya utuluke, muimike kwa mphindi 5. Musaweruze msanga, chifukwa zinthu zina zimachedwa kulekana. Yang'anani chubu mutachiloza ku zenera, pepala lolembedwa lili kumbuyo kwake. Ngati zilembo zikuwerengeka kuyambira pansi mpaka pamwamba popanda mzere, zasakanikirana. Ngati pali mbuu, ndiye kuti timadontho ta chinthu china tikuyandama mwa chinzake, ndipo kumeneko si kusungunuka.

Methanol, ethanol, propan-1-ol ndi propan-2-ol (nambala ya m'dzina ikusonyeza kaboni amene wanyamula OH) onse adzapereka gawo limodzi loyera. Poyamba mudzaona timizere tonyezimira ngati mpweya wa pamwamba pa tala masana, koma timatha. Auzeni ana agwire chubu cha ethanol: chimafunda pang'ono.

Pa butan-1-ol zinthu zimasintha. Magawo awiri amaoneka, ndipo butanol amakhala pamwamba chifukwa 1 mL yake imalemera magalamu 0.81 pamene ya madzi imalemera galamu imodzi. Pano ndi pamene ndimakonda kuchedwapo. Bwerezani mu silinda ya 10 mL, madzi 5 mL ndi butanol 5 mL. Zikalekana, mzere sukhala pa 5. Umatsika pang'ono, gawo la pamwamba lakula. Chachitika n'chakuti madzi alowa mu butanol ochuluka kuposa butanol amene walowa m'madzi: gawo la pamwamba lili ndi madzi pafupifupi 20 peresenti mwa kulemera, pamene la pansi lili ndi butanol wosafika 8 peresenti. Magawo awiriwo onse ndi osakaniza. Mwana amene waona mzere umenewu saganizanso kuti “sizisakanikirana” ndiye kuti palibe chalowa mwa chinzake.

Kuti mupeze malire, ikani 10 mL ya madzi m'chubu chachikulu, ndipo muzionjezera butan-1-ol 0.1 mL nthawi iliyonse ndi sirinji, mukukhutchumula bwino. Musawerenge madontho, popeza dontho la alcohol ndi laling'ono kuposa la madzi. Mbuu wosatha udzaoneka mukayandikira 0.9 kapena 1 mL, zimene zikugwirizana ndi magalamu 7 mpaka 8 pa 100 mL ya madzi. Pentan-1-ol amathera pa magalamu 2.2, ndiye mbuu udzafika musanapitirire 0.3 mL. Hexan-1-ol ndi magalamu 0.6 okha. Kaboni mmodzi akaonjezereka, kusungunuka kumatsika katatu kapena kanayi. Ana ajambule girafu ya manambala awo, aone okha kutsetsereka kwake.

Ngati m'kabati muli 2-methylpropan-2-ol, amene ambiri amati tert-butanol, muyikeni pambali pa butan-1-ol. Onse ali ndi makaboni anayi ndi OH mmodzi, koma uyu amasakanikirana ndi madzi kwathunthu, chifukwa mchira wake ndi wobulungira, sutenga malo aakulu pakati pa mamolekyu a madzi. Musadabwe kumupeza atauma m'botolo m'mawa wa Juni kapena Julaye. Amasungunuka pa madigiri 25 kapena 26, ndipo kuzizira kwa Chipata nyengo imeneyo n'kokwanira kumuumitsa. Ikani botolo m'beseni la madzi ofunda, abwerera.

Gawo lachinayi: 50 ndi 50 sizikwana 100

Yezani 50 mL ya ethanol ndi 50 mL ya madzi padera, muthire zonse mu silinda ya 100 mL, musakanize ndi kudikira kuti zizizire. Mudzawerenga pafupifupi 96 mL. Palibe chatayika. Mamolekyu a madzi ndi a ethanol akagwirana amapanikizana kuposa mmene analili payekhapayekha.

Zimenezi zili ndi ntchito yeniyeni. Mukafuna ethanol wa 70 peresenti wopukutira matebulo kuchokera ku wa 95, musaphatikize milingo iwiri yoyezera padera. Thirani 70 mL ya ethanol wa 95 mu silinda, kenaka muonjezere madzi mpaka afike pa 95 mL, musakanize, ndipo muonjezerenso ngati zatsika. Njira ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yopangira sanitaiza, imene ambiri tinaidziwa mu 2020, imatsata zomwezi: 8,333 mL ya ethanol wa 96 peresenti, 417 mL ya hydrogen peroxide wa 3 peresenti, 145 mL ya glycerol wa 98 peresenti, kenaka madzi mpaka pa mzere wa malita 10. Siinena kuchuluka kwa madzi, imanena pofikira.

Gawo lachisanu: hexane, ndi kutentha kwa chipinda

Tsopano titembenukire ku mbali ya mchira. M'machubu ouma thirani 3 mL ya hexane ndi 1 mL ya alcohol. Propanol, butanol ndi onse a michira itali amalowa popanda vuto. Ethanol wa absolute nayenso amalowa. M'chubu cha ethanol chimenecho donthezani madzi, dontho limodzi nthawi iliyonse, mukukhutchumula. Posachedwa mbuu uoneka, kenaka gawo laling'ono lidzakhala pansi. Madzi akokera ethanol kwa iwo, amuchotsa mu hexane. N'zimene zinandichitikira m'kalasi muja, ndipo n'chifukwa chomwechonso petulo wosakaniza ethanol amaopa madzi m'thanki.

Methanol ndi wosiyana ndi anzake. Mchira wake ndi waufupi kwambiri moti pa madigiri 20 kapena 25 salowa yense mu hexane. Mudzaona magawo awiri, wa methanol ali pansi chifukwa 1 mL yake imalemera magalamu 0.79 pamene ya hexane ndi 0.66. Sungani mulingo wa 1 kwa 3 umene ndanenawu. Mukathira mofanana mumakhala pafupi kwambiri ndi malire, ndipo mzere ukhoza kusaoneka.

Ndiye tengani madzi ofunda a m'ketulo, owiritsidwira kunja, muwazizitse mpaka madigiri 40 mu bikha. Masulani chitsekero, ikani chubu m'madzimo, muzichigwedeza pang'onopang'ono. Pafupifupi pa madigiri 34 mzere umazimiririka, zonse n'kukhala gawo limodzi. Chitulutseni, ndipo chikamazizira mbuu umabwerera mwadzidzidzi ngati nkhungu ya m'mawa pa phiri la Kanjala. Mukhoza kubwereza kangapo ndi chubu chomwecho. Ngati methanol wanu ali ndi madzi, kapena botolo ndi la petroleum ether, chosakaniza cha zinthu zofanana ndi hexane, osati hexane weniweni, nambala ya 34 idzasuntha. Cyclohexane ndi methanol amafuna madigiri pafupifupi 45.

Taganizani tsopano za labu yofoleredwa ndi malata masana a mu Okutobala, makamaka ku chigwa, cha ku Mambwe ndi Mfuwe. M'chipinda chotero thermometer imatha kupitirira 34. Mphunzitsi wa kumeneko adzathira methanol mu hexane n'kuona gawo limodzi, pamene mnzake wa ku Lundazi mu Juni aona awiri, ndipo onse akunena zoona. N'chifukwa chake ndinati kutentha kulembedwe pa bolodi. Ngati kwatentha chotero, ikani chubu m'madzi a mumtsuko kapena a mufiriji, magawo alekana.

Za zosungunulira zina sindichedwapo. Methanol, ethanol ndi propanol amasakanikirana kwathunthu ndi acetone, ethyl acetate, toluene, chloroform, dichloromethane ndi diethyl ether. Pa zimenezi, acetone ndi ethyl acetate ndi zimene mungaonetse m'kalasi ya mazenera otsegula. Zinazo ana angolemba.

Gawo la 6: mafuta a kwathu ndi glycerine

Hexane sapezeka m'sukulu iliyonse, koma saladi ndi glycerine zili pa msika wa Kapata ku Chipata ndi m'kantemba kalikonse. Thirani 2 mL ya ethanol pa 2 mL ya mafuta ophikira, kaya a mpendadzuwa, a soya kapena a nshawa. Zidzachita mbuu, kenaka zilekana, ndipo ana ambiri amadabwa kuona mafuta ali pansi. Anazolowera mafuta oyandama pa madzi, koma mafuta amalemera pafupifupi 0.92 ndipo ethanol ndi 0.79. Kuyandama kumadalira amene wakhala naye. Bwerezani ndi butan-1-ol: mafuta alowa, gawo limodzi.

Ndiye yesani mafuta a nsatsi, aja agogo athu ankadzola. Amasungunuka mu ethanol bwinobwino ngakhale ali mafuta. Chifukwa chake ndi ricinoleic acid, amene ndiye wochuluka m'mafutawa ndipo ali ndi OH pakati pa mchira wake. Mbewu za nsatsi zili ndi poizoni, choncho gulani mafuta a ku famase, musatume ana kukasinja.

Glycerine wodzola uja dzina lake la m'buku ndi glycerol, ndipo ndi alcohol wa makaboni atatu ndi mitu itatu. Amalowa m'madzi ndi mu ethanol kwathunthu, ngakhale muyenera kukhutchumula nthawi yaitali chifukwa ndi wonanda. Mu hexane kapena parafini amangomira pansi ndi kulemera kwake kwa 1.26. Muikeni pambali pa propan-1-ol, amene alinso ndi makaboni atatu koma mutu umodzi, ana afananize okha.

Gawo la 7: kodi madzi ali pamwamba kapena pansi?

Mukakhala ndi magawo awiri oyera, musalote. Donthezani dontho limodzi la madzi ndi kulitsata ndi maso. Likadutsa gawo la pamwamba n'kukasowera pansi, la pansi ndilo la madzi. Likasowera pamwamba pomwepo, madzi ali pamwamba, monga zimakhalira ndi dichloromethane wa 1.33 kapena chloroform wa 1.49. Kadontho ka kala yophikira makeke kamathandiza ana a kumbuyo kuona, chifukwa kamatsata gawo la madzi. Potassium permanganate musamugwiritse ntchito popaka mtundu: amalimbana ndi alcohol n'kusanduka wa bulawuni. Kambulu kakang'ono ka ayodini kamapereka mtundu wa pepo mu hexane koma wa bulawuni mu ethanol, ndipo ndi njira ina yosiyanitsira.

Gawo la 8: kuyanjanitsa ndi kulekanitsa

Bwererani ku chubu cha butan-1-ol ndi madzi chija. Onjezerani ethanol 0.5 mL nthawi iliyonse, mukukhutchumula. Mzere udzayamba kufooka mpaka utatha. Ethanol wagwira ntchito ya ankhoswe: mutu wake wagwira madzi, mchira wagwira butanol, onse akhala m'nyumba imodzi. Ana alembe kuchuluka kwa ethanol amene wafunika, ndipo ayesenso ndi pentanol kuti aone ngati afuna wochulukirapo.

Kulekanitsa kumachitika ndi mchere. Sakanizani 5 mL ya propan-2-ol ndi 5 mL ya madzi, gawo limodzi loyera. Thiranimo mchere wa kukhitchini pang'onopang'ono, mukukhutchumula mwamphamvu, mpaka wina uzitsala pansi osasungunuka. Imikani. Magawo awiri aoneka, alcohol pamwamba, madzi a mchere pansi. Ma ion a sodium ndi chloride, tizidutswa tochokera mu mcherewo, amakoka madzi mwamphamvu kuposa OH wa alcohol, ndiye alcohol amasowa womugwira. Ndi ethanol mchere wa kukhitchini sukwanitsa zimenezi. Pamafunika potassium carbonate, mchere uja umapezeka m'phulusa limene amayi amachezera chidulo cha therere. Chidulo chenichenicho chili ndi madzi ambiri moti sichingalekanitse kanthu, pafunika ufa wa m'botolo wochuluka ndithu, ndipo muvale magolovesi chifukwa umawawula khungu.

Kutaya zotsala

Konzani mabotolo awiri olembedwa bwino ntchito isanayambe. Limodzi la zonse zokhala ndi hexane, parafini, mafuta, methanol ndi ma alcohol a michira itali. Lina la chloroform ndi dichloromethane zokha, ngati munazigwiritsa ntchito. Ethanol ndi propanol wochepa wosakaniza ndi madzi akhoza kupita mu sinki ndi madzi ambiri, koma hexane ayi: amayandama m'paipi, nthunzi yake n'kudzaza m'dzenje la madzi oipa. Machubu a mafuta muyambe mwawatsuka ndi acetone pang'ono, kenaka sopo ndi madzi, ndipo muwaimike chozondoka kuti adzakhale ouma pa kalasi yotsatira. Mabotolo a methanol ndi ethanol muwawerenge, muwatseke mwamphamvu, mulembe tsiku ndi mulingo wotsala, ndipo kiyi ya kabati musunge inu nokha.